Asodzi a ku Nyanja ya Chiuta

Nyanja ya Chiuta ili m'boma la Machinga, kumalire a dziko lathu ndi dziko la Mozambique. Nyanjayi ndi yosazama ndipo m'mbali mwake muli mabango ndi udzu wambiri. M'menemo mumapezeka nsomba monga makumba, matemba, milamba ndi chilunguni. Amalonda amagula nsombazi, zouma kapena zoŵamba, nakazigulitsa m'misika monga ya Liwonde ndi Balaka.

Kuyambira kale anthu a kumeneko ankapha nsomba ndi miono, mbedza ndi matchera. Zida zimenezi zimagwira nsomba zokhwima, tiana n'kutsala m'madzi kuti tikule.

M'zaka za m'ma 1980 kunayamba kufika asodzi ochokera ku nyanja zina monga ya Malombe. Iwoŵa anadza ndi ukonde wotchedwa nkacha. Ukonde umenewu uli ndi maso aang'ono kwambiri. Pouponya asodzi amazinga malo ndi mabwato, ndipo mmodzi amamira kukamanga kunsi kwake kuti nsomba zisathaŵe. Motero nkacha imakokolola nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

Posakhalitsa eni dera anayamba kudandaula. Nkacha inkazula udzu umene nsomba zimabisalamo ndi kuphwasula zisa zimene makumba amakumba pansi pa nyanja. Paja kumba wamkazi amasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, choncho akagwidwa, ana onsewo amafera limodzi naye. Madzi amene anthu ankamwa anayamba kuvunduka, ndipo matchera ankabwera opanda kanthu.

Asodziwo anazindikira kuti mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 1995 anagwirizana nakhazikitsa makomiti m'madooko awo. Makomitiwo anathamangitsa eni nkacha ndi kuletsa ukondewo kumbali ya Malaŵi. Ntchitoyi sinali yapafupi chifukwa eni nkacha anali ndi ndalama, komanso nawo ankafuna kudyetsa ana awo. Vuto lina linali lakuti nyanjayi ili m'maiko aŵiri, ndipo nsomba sizidziŵa malire. N'chifukwa chake panafunika kukambirana ndi anzawo a ku Mozambique.

M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la zausodzi limene linapatsa anthu a m'midzi mwayi wosamala nsomba mothandizana ndi boma. Nyanja zina monga ya Chilwa zimatsekedwa kwa asodzi a makoka m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Kupha nsomba ndi masikito ndi mlandu, pakuti maso ake sasiya ngakhale kansomba kongoswedwa kumene.

Msodzi wanzeru amafanana ndi mlimi amene sadya mbewu yake yonse. Iye amadziŵa kuti nsomba yaing'ono imene waisiya lero ndiyo idzadyetse ana ake maŵa.

Mafunso

1. Kodi Nyanja ya Chiuta ili m'boma liti?
2. Tchulani mitundu itatu ya nsomba za m'nyanjayi.
3. Fotokozani kuipa kuŵiri kwa nkacha.
4. Kodi asodzi a ku Chiuta anachita chiyani m'chaka cha 1995?
5. Perekani tanthauzo la mwambi wakuti, "Mutu umodzi susenza denga."
6. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: dooko, kuvunduka, kukokolola.