Ali ndi dzina lake: za mawu omwe timatchulira anzathu aulumali wa muubongo

Phunziro la ulendo uno tiliyambe ndi Chichewa cha ku pulayimale. Wina awerenge mokweza ziganizo ziwiri izi: "Wabwera uja, akufuna madzi." "Chabwera chija, chikufuna madzi." Chiganizo choyamba chikukamba za munthu. Chachiwiri chikhoza kukamba za chinyama chilichonse chakutchire. Koma pa depoti, mumsika, ngakhale ku jeti tsiku lofika Ilala, chiganizo chachiwirichi timachimva chikunenedwa kwa mwana wa munthu, chifukwa choti ali ndi ulumali wa muubongo.

Kumbukirani magulu a mayina aja. Munthu, mwana ndi mlendo ali m'gulu limodzi. Chitsiru, chidzete ndi chindere (ili tinabwereka ku Chitumbuka) ali m'gulu lina, pamodzi ndi chitini, chingwe ndi chitsa. Ukangomutchula munthu ndi dzina la m'gulu limeneli, mawu onse otsatira amatsata momwemo: chadya, chagona, chisiyeni, chithamangitseni. Chiganizo chisanathe n'komwe, munthu uja wasanduka katundu. Palinso mayina ena monga wozerezeka, wopepera, wosakwana ndi wamisala. Masiku ano ena ayamba kutukwanirana mawu oti autism pa Facebook ndi pa WhatsApp, chonsecho sadziwa tanthauzo lake.

Mwina wina anena kuti ndi nthabwala chabe. Funsani akuluakulu omwe anayambitsa makalabu athuwa. Akuuzani za nthawi yomwe munthu woonda ankamunena kuti wagwidwa ndi kaliwondewonde kapena magawagawa, ndipo anthu ankaopa kukayezetsa magazi poopa mayina amenewa. Panatenga zaka kuti tizolowere kunena kuti "munthu yemwe ali ndi kachirombo ka HIV". Ife ndiye tikuyenera kukhala oyamba kumvetsa kuti dzina limasala.

Tisaphatikize zinthu zosiyana

Vuto lathu loyamba ndi loti timaika zinthu zinayi m'thumba limodzi n'kulemba kuti misala.

Ulumali wa muubongo, womwe ena amati ulumali wa kaganizidwe, umayamba munthu ali mwana. Mwanayo amachedwa kuyankhula, kuphunzira, kuwerengera ndalama kapena kudzisamalira. Amaphunzira ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo amafuna kumubwerezera. Zoyambitsa zake zambiri ndi zodziwika ku chipatala. Mwana akabanika pobadwa, ubongo umasowa mpweya. Malungo akafika ku ubongo, monga zimachitikira kawirikawiri kuno kunyanja, mwana akhoza kuchira koma n'kutsala ndi vuto. Matenda oumitsa khosi, chikasu chachikulu mwa khanda, kuperewera kwa zakudya m'thupi, mowa womwe mayi amamwa ali woyembekezera, ndi kusowa kwa ayodini m'thupi la mayi, zonsezi zimathanso kuononga ubongo. N'chifukwa chake a zaumoyo amalimbikira za neti, mchere wa ayodini ndi kukachilira ku chipatala. Ana ena amabadwa ndi Down syndrome, yomwe imabwera pamene mwana watenga kromozomu ya nambala 21 katatu m'malo mwa kawiri. Palibe yemwe amalakwitsa pamenepo.

Autism ndi nkhani ina. Ubongo wa mwana wa autism umalandira zinthu mosiyana ndi wa anzake. Mwina satembenuka ukamuitana ngakhale akumva bwinobwino, sakonda kuyang'ana munthu m'maso, amabwereza mawu amodzimodzi, amakupiza manja, kapena amafuna kuti zinthu zizichitika mofanana tsiku lililonse. Phokoso la chigayo kapena la injini ya boti, lomwe ife sitilimva n'komwe, iye limamupweteka mpaka kutseka makutu n'kukuwa. Anthu akaona zimenezi amati mwana wamwano, makolo ake sam'langa. Si mwano ayi. Ena a autism alinso ndi ulumali wa kaganizidwe, koma ena alibe, amakhoza mayeso mpaka kufika ku yunivesite. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2021 munthu mmodzi mwa anthu 127 alionse anali ndi autism. Ndiye musaganize kuti ndi za azungu zokha. Komanso katemera sayambitsa autism. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 1998 yemwe anafalitsa mphekesera imeneyi anapezeka kuti anali wachinyengo, ndipo magazini ya madotolo yomwe inamusindikiza inamuchotsa mu 2010.

Khunyu ndi matenda okomoka, ali ndi mankhwala ku chipatala, ndipo sapatsirana. Matenda a maganizo, omwe timawatcha misala aja, nawonso ali ndi chithandizo. Munthu wodwala maganizo nayenso sayenera kugendedwa kapena kusekedwa.

Nkhani ya kukhwima

Apa ndiye pamene pagona nkhani kwathu kuno. Bambo akakhala ndi makoka awiri, injini ndi kagolosale, ndiye pakhomo pali mwana wosayankhula wotuluka dovu, anthu amamaliza okha samu: anamukhwimira mwanayo kuti usipa uzilowa. Pakhomo pakakhala posauka, mlandu umagwera mayi, ati anadya zoletsedwa kapena anayenda njira ali ndi pakati, kapenanso umagwera agogo okalamba kuti ndi mfiti. Taonani kuti olemera ndi osauka omwe ali ndi ana otere. Chikhala kuti kukhwimira mwana kumalemeretsa, bwenzi makomo onsewo ali a malata.

Zotsatira za miseche imeneyi zimagwera mwana. Makolo amachita manyazi n'kumamutsekera m'nyumba alendo akabwera. Ndalama zomwe zikanamufikitsa ku chipatala zimathera kwa asing'anga. Abambo ena amathawa banja. Sukulu ndiye sayamba n'komwe, poti aliyense wanena kale kuti "chingaphunzire chiyani chimenechi".

Chifukwa chake nkhaniyi ili m'nyuzi yathu

Mtsikana yemwe mudzi wonse umamutcha chitsiru akagwiriridwa, amakauza ndani? Akanena, anthu amaseka, ati wayamba zake zija. Wogwirira amadziwa zimenezi asanayambe n'komwe, ndipo n'chifukwa chake amasankha iyeyo. Amamunyengerera ndi mandasi, kanyenya kapena kandalama kochepa. Ena amaganiza kuti munthu wotere sangakhale ndi kachirombo, ndiye palibe chifukwa cha kondomu. Ena amakhulupirira bodza lija loti kugona ndi namwali kapena munthu waulumali kumachotsa HIV m'thupi. Sikuchotsa, kumangopatsira wosalakwa. Nthawi zambiri nkhani imadziwika mimba itaoneka, ndipo m'malo mofunsa kuti wachita izi ndani, anthu amadabwa kuti "nachonso chimadziwa amuna?" Anyamata aulumali nawonso amachitidwa nkhanza zoterezi, kungoti sizikambidwa.

Tidzifunsenso ife eni. Timaphunzitsa za kudziletsa, kukhulupirika ndi kondomu kudzera m'timabuku, m'mikuluwiko ndi m'masewero othamanga. Mnzathu wochedwa kumva sapindulapo kanthu. Iye amafunika mawu achindunji, obwerezedwa, ndi zithunzi: ziwalo izi ndi zako, wina asakugwire, ukane, ukanene kwa uje. Ndipo akakula amakhala ndi chilakolako ngati wina aliyense, ena amakwatira ndi kubereka, choncho uthenga wa kuyezetsa magazi ndi wa kulera ndi wawonso.

Mnzanu wotere akakuuzani kuti wina wamuchita zachipongwe, mukhulupirireni kaye. Athamangire naye ku chipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, asanasambe ngati n'kotheka. Nkhaniyo ipite ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, komanso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Ngati ndi mwana, nambala ya 116 ndi yaulere. Zokambirana kuseri kuti wolakwa alipire mbuzi n'kutha, zimenezo ayi. Ndi mlandu wa kukhoti.

Malamulo nawo anasintha mawu

Musadabwe kuti mayina onyozawa analowa ngakhale m'mabuku a boma. Lamulo la milandu lomwe anatisiyira atsamunda, m'gawo 139, kwa zaka zambiri linkatchula amayi ndi atsikana aulumali wa muubongo ndi mawu achingerezi oti idiot ndi imbecile, omwe ndi chitsiru chomwechi. Chonsecho gawolo linalembedwa pofuna kuwateteza! Ku America nako, mpaka mu 2010 malamulo a boma ankagwiritsa ntchito mawu omwe anali atasanduka chitukwano m'masukulu. Chaka chimenecho Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo lowachotsa, lotchedwa Rosa's Law.

Kwathu kuno, dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 kunabwera lamulo loletsa kusala anthu aulumali pa maphunziro, pa chipatala ndi pa ntchito, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano. Bungwe lomwe makolo athu amalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA. Dzina lakale lija linali ndi mawu achingerezi omwe eni ake aulumali sankawafuna. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Werengani makomo a m'mudzi mwanu muone ngati m'kalabu mwanu akuonekamo.

Nanga tizinena kuti chiyani?

Yankho lapafupi ndi dzina lake. Ali nalo, anapatsidwa atatuluka m'chikuta ngati ife tonse. Ngati ndi wamkulu, ndi achimwene, achemwali, amalume kapena anganga, ndipo timawayankhula ndi ulemu wa akuluakulu, osati ngati kamwana. Pakafunika kutchula vuto lake, monga ku chipatala kapena ku sukulu, tiyambe ndi munthu: mwana yemwe ali ndi autism, mtsikana waulumali wa muubongo, mnyamata wophunzira pang'onopang'ono. Koma ndinene mosabisa kuti mawu okoma paokha sakwanira. Ukhoza kunena kuti "mnzathu waulumali" uku ukumuvinitsa pagulu kuti anthu aseke, kapena kumusenzetsa ndowa za usipa tsiku lonse n'kumulipira chimanga chootcha. Kumeneko ndi kunyoza komwe, kungoti kwavala jekete.

Makolo omwe akuda nkhawa ndi kakulidwe ka mwana ayambire ku sikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lawo. Ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pano pa boma, a St John of God amathandiza ana otere pamodzi ndi makolo awo. Kuli bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM, komanso aphunzitsi omwe anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu za kaphunzitsidwe ka ana ofunika chithandizo chapadera. Funsani kwa mlangizi wa sukulu za m'dera lanu kuti mphunzitsi wotere ali pa sukulu iti. Mwana akayamba kuthandizidwa ali wamng'ono, amaphunzira zambiri.

Pa msonkhano wanu wotsatira, mlembi alembe pa bolodi mayina onse omwe m'dera lanu mumatchulira anthu otere, m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe, musabise ngakhale limodzi. Muwerenge kuti ndi angati omwe akuyamba ndi chi. Mukatero mukambirane kuti ndi achinyamata angati aulumali wa muubongo omwe mumawadziwa mayina awo enieni, ndipo musankhe anthu awiri oti akapemphe kwa makolo awo kuti azibwera nawo ku kalabu. Makalabu omwe akufuna kukonza sewero kapena mpira pa nkhaniyi akumbukire masiku awiri awa: 21 Malichi ndi la Down syndrome, 2 Epulo ndi la autism.