Kodi ndisiye ntchito chifukwa cha maitanidwe?

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, bambo wa ana atatu. Ndakhala ndikulota ndikulalikira, ndipo mtima ukundiuza kuti Mulungu akundiitana. Ndikufuna kusiya ntchito mwezi uno, koma mayi akunyumba akukana. Kodi si Satana amene akuwagwiritsa ntchito?

Wothedwa nzeru, Dedza

Bambo,

Maitanidwe anuwo sindikuwatsutsa. Chandidetsa nkhawa ndi phuma lanu komanso mlandu umene mwawasenzetsa mayiwo. Yakobo 3:17 amatchula zizindikiro za nzeru yochokera kumwamba, ndipo zina mwa izo ndi mtendere, kufatsa ndi kulolera kumva za ena. Ganizo limene likusandutsa akazi anu mdani liyambe layesedwa ndi muyeso umenewu. M'Baibulo woitanidwa kawirikawiri sadzitsimikizira yekha. Samueli atamva mawu usiku anathamangira kwa Eli katatu, ndipo anali Eli, nkhalamba yosaona bwino, amene anazindikira kuti woitanayo ndi Yehova. Paulo anakumana ndi Ambuye pa njira ya ku Damasiko, komabe panapita zaka kuti mpingo wa ku Antiokeya usale kudya, upemphere ndi kumusanjika manja pamodzi ndi Barnaba. Ngakhale atatumidwa chotero, ku Korinto ankasoka mahema ndi Akula ndi Prisila, n'kumalalikira m'sunagoge tsiku la Sabata.

Mwina mukuti, nanga Petro ndi Andreya sanasiye makoka nthawi yomweyo? Anasiyadi, ndipo alipo anthu amene Mulungu amawachotsa pantchito kotheratu. Koma werengani mutu woyamba wa Marko mpaka kumapeto. Yesu akulowa m'nyumba ya Petro ku Kapernao n'kuchiritsa apongozi ake, ndipo 1 Akorinto 9:5 akusonyeza kuti Petro ankayenda ndi mkazi wake mu utumiki. Makoka anasiya, banja sanataye. Komanso si onse amene Yesu anawalola kutsagana naye. Munthu wa ku Gerasa uja, atatulutsidwa ziwanda, anapempha kuti apite nawo, koma Yesu anamubweza kwawo kuti akauze abale ake zimene Ambuye anamuchitira. Amenewonso anali maitanidwe. Pa Mateyu 13:33 ufumu wakumwamba ukuyerekezedwa ndi chotupitsa mkate chimene chimagwira ntchito chili m'kati mwa ufa. Mphunzitsi woona mtima pakati pa ana odzaza kalasi sali kutali ndi ntchito ya ufumuwo.

Ena angakuuzeni kuti kuwerengera za mawa ndi kuchepa chikhulupiriro. Sindigwirizana nawo, chifukwa pa Luka 14:28 ndi Yesu mwini amene akuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera ndalama zake, ndipo ankanena za kumutsata iyeyo. Pa 1 Timoteo 5:8 pali chidzudzulo chowawa kwa wokhulupirira wosasamala a m'banja mwake. Mayiwo akamafunsa za fizi ndi thumba la chimanga, akufunsa zimene malemba amafunsanso.

Choncho kalata yosiyira ntchitoyo musalembe mwezi uno. Khalani pansi ndi akazi anu, muwapepese ngati mawu onena za Satana aja munawalankhula pamaso pawo, ndipo mumve mantha awo. Kenako mukaonane ndi abusa ndi akulu ampingo, mupemphe kuti muzilalikira m'miraga ndi kuphunzitsa Sande sukulu. Mphatsoyo ikaoneka, iwo adzakuuzani njira yopitira kusukulu ya ubusa, ndipo za tsiku losiya ntchito mudzagwirizane ndi akazi anu.