Mpata wa Pakati pa Njanji Ziŵiri

Pa 15 Sepitembala 1830 kunali chisangalalo chachikulu ku Mangalande. Tsikulo ankatsegulira njanji yochokera ku Liverpool kupita ku Manchester. Njanjizo zinali ziŵiri zoyandikana, kuti sitima zizitha kupambana panjira.

Pakati pa alendo olemekezeka panali Duke of Wellington, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo, ndiponso William Huskisson, phungu wa ku Liverpool. Atafika pa Parkside, sitima ya nduna inaima kuti amwetse madzi injini yake. Anthu anali atauzidwa kuti asatsike, koma ambiri anatsika ndithu. Huskisson naye anatsika, napita kukapereka moni kwa nduna ija ataimirira pakati pa njanji ziŵirizo.

Mwadzidzidzi anthu anafuula kuti kukubwera injini ina pa njanji inayo. Dzina lake linali Rocket. Ena anakwera msanga, ena anathaŵira kumbali, koma Huskisson, amene sanali wamphamvu m'thupi, anasokonezeka. Anagwira chitseko cha bogi ya nduna, koma chitsekocho chinatseguka n'kumutembenuzira kumene kunkachokera injiniyo. Anagwa, ndipo mwendo wake unapondedwa. George Stephenson anathamanga naye pa sitima mpaka ku Eccles, koma madzulo a tsiku lomwelo anamwalira.

Mpata wa pakati pa njanji ziŵirizo unali wosakwana mita imodzi ndi theka. Mwina wina n'kumati mpata wotere ndi wokwanira munthu kuimapo. Iyayi, chifukwa sitima ndi yotambalala kuposa njanji yake. Magudumu okha ndiwo amaponda pa zitsulo, koma thupi la bogi limasefukira kunja mbali zonse ziŵiri. Tsono sitima ziŵiri zikamapambana, mpata uja umachepa zedi.

Akatswiri oyala njanji amaganiziranso zina. Sitima ikamathamanga imagwedezeka uku ndi uku. Pokhota pamavutanso kwambiri. Bogi ndi yaitali ndiponso yosapindika, choncho njanji ikakhota, pakati pa bogi pamaloŵerera m'kati mwa gulaye, pamene kutsogolo ndi kumbuyo kwake kumatulukira kunja. Zili ngati anthu aŵiri osenza nsungwi yaitali pokhota panjira ya m'munda wa chimanga: nsungwiyo imakwapula mapesi ngakhale eni akewo sanapatuke. N'chifukwa chake pagulaye amatalikitsa njanji ziŵirizo koposa pamalo owongoka.

Kuno ku Malaŵi zitsulo ziŵiri za njanji imodzi zimatalikirana mamilimita 1,067. M'madera ambiri njanji ndi imodzi yokha, motero sitima zimapambana pa masiteshoni monga Limbe, Balaka ndi Nkaya, pamene pali njanji zingapo. Pafupi ndi pomwe njanji ziŵiri zikumanira, mpata umanka nuchepa, ndipo pamaikidwa chizindikiro. Bogi yoima isapitirire chizindikirocho, chifukwa ikatero sitima yodutsa pa njanji inayo idzaikhula.

Mafunso

1. Kodi sitima ya nduna inaimiranji pa Parkside?
2. Fotokozani m'mene Huskisson anavulalira.
3. N'chifukwa chiyani mpata umachepa sitima ziŵiri zikamapambana?
4. Kodi bogi imatani pagulaye?
5. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: kupambana, kusefukira, kukhula.