Kutsatira Mwamuna Kapena Mkazi ku Joni: Mapepala Ayambire Kuno ku Mwanza

Mabasi opita ku Joni amadutsa pakhomo pathu. Amaima pachipata cha Mwanza, kuwolokera ku Zobue, kudutsa Tete, Nyamapanda ndi Harare, mpaka kukafika pa Beitbridge. N'chifukwa chake ife a kwa Inkosi Kanduku ulendowu timauyesa wapafupi: pasipoti m'chikwama, ndalama ya basi m'thumba, basi wapita. Mmalawi amalowadi m'dziko la South Africa popanda viza, koma pachipata amamudindira masiku osapitirira 30, ndipo masikuwo ndi a mlendo wokacheza. Mayi wofuna kukakhazikika ndi bambo a kunyumba kwake, ana n'kumaphunzira komweko, afunika chilolezo china.

Kupitirira masiku kuli ndi chilango. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014 amati wopitirira ndi masiku osaposa 30 aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 aletsedwe zaka zisanu. Mabanja ambiri apatukana chifukwa cha chidindo chimenechi, mayi atabwera kumaliro kumudzi n'kulephera kubwerera kwa ana ake. Tsono tiyeni titsate ndondomeko yake.

Choyamba: mnzanuyo ali ndi chiphaso chanji?

Funso limeneli ambiri amachita nalo manyazi, koma zonse zagona pamenepa. Muuzeni ajambule chiphaso chake akutumizireni pa WhatsApp, muchiwerenge nokha.

Ngati ndi nzika ya South Africa, kapena ndi Mmalawi amene anapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, njira zilipo ziwiri pansi pa lamulo lawo la Immigration Act la 2002. Ina ndi relative's visa ya gawo 18, yomwe imakhala mpaka zaka ziwiri koma siyilola kugwira ntchito. Ina ndi ya gawo 11(6), yopatsidwa kwa mkazi kapena mwamuna wa munthuyo, ndipo iyi mukhoza kupempha kuti ikuloleni kugwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi. Kwa mayi amene akufuna kumakapezako yakeyake, ine ndingalangize yachiwiriyi. Mukakwanitsa zaka zisanu muli pabanja ndi munthu wotere, gawo 26(b) limakulolani kupempha chilolezo chokhaliratu.

Ngati ali ndi viza ya ntchito, ya bizinesi kapena ya sukulu, inu mumapatsidwa viza yomuperekeza. Imatha tsiku limene yakeyo ikutha, ndipo nayo simuloledwa kugwira ntchito.

Ngati alibe chiphaso chilichonse, kapena masiku ake anatha kalekale, palibe viza ya banja imene mungapeze kudzera mwa iye. Ndi mawu owawa, koma ndi bwino kuwamva musanagulitse mbuzi ndi manachesi a chaka chonse. Aliyense wokuuzani kuti akukonzerani pemiti pamtengo wakutiwakuti akukugulitsani pepala labodza, ndipo wogwidwa nalo ndinu, osati iye. N'chimodzimodzinso ndi chizolowezi chopatsira matransipota pasipoti kuti akadinditse masiku pachipata mwini wake ali phee ku Johannesburg: ndi mlandu, ndipo ukadziwika umaononga pempho lililonse la m'tsogolo.

Pali funso linanso lofunika kulimba mtima. Ngati bamboyo anapeza chilolezo chake pokwatira mkazi wa konko, m'makompyuta a unduna wawo wa Home Affairs iye ndi wokwatira kale, ndipo pempho lanu likagunda pamenepo. Nkhani yotere ikambidwe ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri musanaononge ndalama.

Chachiwiri: ukwati ulembedwe

Kuno ukwati timaudziwa ndi ankhoswe. Malume anakumana, chinkhoswe chinachitika, kwa ena lobola inaperekedwa, mudzi wonse unadya nawo. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza zonsezi: ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wachikhalidwe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Koma wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa South Africa sanabwere kuchinkhoswe kwanu, ndipo ankhoswe sangapite kukaima pawindo. Iye akufuna setifiketi ya ukwati.

Pitani ku ofesi ya DC pa boma la Mwanza mukafotokoze mmene ukwati wanu unayendera. Ngati unali wachikhalidwe, tengani kalata ya a mfumu yodindidwa kwa Inkosi, ndipo ankhoswe akhale okonzeka kuchitira umboni. Ngati munadalitsa kutchalitchi, tengani pepala limene munapatsidwa akaone ngati ukwatiwo unalowa m'kaundula wa boma, poti kakhadi ka mpingo pakokha nthawi zina sikakwanira. Ofuna kumangitsa ukwati kwa DC adziwe kuti pamakhala chidziwitso cha masiku 21 ukwati usanamangidwe, ndiponso kuti ukwati wa mtundu umenewu sulola mitala.

Masiku 21 amenewa ndiwo amagwetsa anthu. Abambo ambiri amabwera kumudzi pa Khirisimasi n'kubwerera chaka chikangoyamba, ndiye mukadikira kuti afike kaye, tchuthi chimatha ukwati usanalembedwe. Kafunseni kwa DC miyezi ya Okutobala kapena Novembala kuti mudziwe zimene zingayambike iye asanafike ndi zimene zikufuna nonse awiri pamaso. Tsiku la ukwati lilembedwe loona. Musalisunthe pofuna kuti zaka zisanu zikwane msanga.

Funsaninso ku ofesi ya kazembe ngati setifiketiyo ikufunika chidindo chotchedwa apostille. Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la ku The Hague la 1961, lomwe limachititsa kuti chikalata chodindidwa motero m'dziko lina chivomerezedwe m'dziko linzake.

Chachitatu: maina afanane paliponse

Yalani pamphasa chitupa cha unzika cha NRB, pasipoti, setifiketi ya ukwati ndi zikalata za kubadwa kwa ana, muziwerenge chilembo ndi chilembo. Kuno kumalire vutoli ndi lalikulu. Munthu mmodzi yemweyo pena analembedwa Juwawo, pena João, chifukwa agogo anabatizidwira kutsidya ku Mozambique. Mayi pachitupa ali ndi dzina la bambo ake, papasipoti la mwamuna wake. Chaka chobadwa chinangoganiziridwa pamzere wa kalembera wa 2017, pomwe pasetifiketi ya sukulu pali china. Kwa ife ndi munthu yemweyo, koma kwa wowerenga mapepala ku Pretoria ndi anthu awiri.

Konzani zimenezi ku ofesi ya NRB pa boma musanapemphe pasipoti, chifukwa a Immigration amatenga maina kuchokera pachitupa. Pamene dzina linasintha pazifukwa zomveka, kalumbireni kwa majisitireti kapena loya kuti pakhale kalata yofotokoza kusiyanako.

Chachinayi: pasipoti, kenako polisi ndi dokotala

Ndondomeko iyi musaitembenuze. Yambani ndi pasipoti, poti ndiyo imachedwa; kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza inaima kwa milungu yambiri anthu ali pamzere. Kwa ife ofesi yapafupi ndi ya ku Blantyre. Pitani nokha, lipirani kumene a Immigration akuuzani, sungani lisiti, ndipo madobadoba a panja pampanda muwalambalale. Pasipotiyo ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo masiku ake apitirire nthawi ya viza imene mukupempha.

Ikatuluka pasipoti m'pamene mutenge kalata ya polisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu. Amakudindani zala, ndipo kalatayo imachokera kulikulu la polisi ku Area 30 ku Lilongwe. Tenganinso lipoti la dokotala pafomu imene a kazembe amapereka. Ziwiri zonsezi zimafunika zisanapitirire miyezi 6 chizitulukireni, choncho wozitenga pasipoti isanatuluke amadzalipiranso kachiwiri. Amene anakhalapo chaka chathunthu m'dziko lina, monga ku Mozambique, afunse ngati akufunikanso kalata ya polisi ya kumeneko.

Chachisanu: zochokera kwa mnzanu

Iye atumize fotokope ya chitupa kapena chilolezo chake yodindidwa kupolisi ya konko, kalata yoti akukuitanani ndipo adzakusamalani, umboni wa malo amene akukhala, pepala la malipiro ndi masitetimenti a kubanki a miyezi itatu yapitayi. Pa relative's visa, boma lawo linaika mu 2014 kuti woitana m'bale aonetse R8,500 pamwezi pa munthu aliyense. Amene amalandira ndalama pamanja ayambe kuziika kubanki miyezi ingapo pempho lisanalowe. Ndalama yobwereka yongoikidwa tsiku limodzi imaonekera.

Sunganinso umboni woti banjali ndi lenileni: malisiti a Mukuru, zithunzi za chinkhoswe, mauthenga a pafoni. Angathe kukufunsani aliyense payekha. Yankhani zoona, ngakhale choonacho chili choti papita zaka zitatu musanaonane.

Chachisanu n'chimodzi: ana

Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake ndi setifiketi ya kubadwa ya NRB yolembedwa maina a makolo. Kholo limodzi likatsala, lilembe kalata yolumbira yovomereza ulendowo. Ngati linamwalira, pakhale setifiketi ya imfa. Mwana wa msinkhu wa sukulu afunika viza ya maphunziro, ndipo iyi imafuna kalata ya sukulu yomulandira.

Apa mwambo wathu ndi lamulo zimasiyana. Mwana wa malemu mchemwali wanu, amene mwamulera kuyambira ali kumsana, kwa ife ndi wanu ndithu, koma pachipata amafuna chikalata cha khoti chokupatsani udindo womulera. Yambirani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, akulondolereni kukhoti. Musamulembetse ngati wobereka nokha. Bodzalo lidzamutsatira mwanayo pa mapepala ake onse.

Wobadwira ku Joni kwa makolo awiri Achimalawi sakhala nzika ya kumeneko pongobadwirako. Mulembetseni ku Home Affairs pasanathe masiku 30, kenako mupite ndi pepalalo ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg kuti apeze zikalata za kwawo.

Chachisanu n'chiwiri: kupereka pempho

Malo ake ndi ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo mumapita nokha. Imbani foni kaye mufunse mndandanda watsopano wa zofunika, mtengo wake ndi masiku olandirira, pakuti kuchoka ku Mwanza kudzera pa Zalewa mpaka ku Lilongwe si ulendo wobwereza chifukwa cha pepala limodzi. Jambulitsani chilichonse kawiri, mpukutu wina usiyidwe kwa m'bale wodalirika kumudzi.

Kale mlendo sankaloledwa kusintha viza ali m'dziko la South Africa. Mu 2019 khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo, pamlandu wa Nandutu, linagamula kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika, ngakhalenso wa munthu wokhala ndi chilolezo chokhaliratu, akhoza kupempha ali konko. Pempho lotere limadzera ku maofesi a kampani ya VFS Global, ndipo liyenera kulowa masiku anu asanathe. Masiku 30 sachedwa kutha, choncho wosankha njirayi anyamule mapepala onse ali okonzeka kuchokera kuno. Mkazi wa munthu wa viza ya ntchito asadalire chigamulochi. Iye apemphere ku Lilongwe.

Kwa amayi ndinene mosabisa: pasipoti yanu muzisunga nokha, ndipo tsiku lotha viza muzilidziwa pamtima. Viza ya banja imatsamira paukwati, ndipo pali amuna amene amaopseza nayo akazi awo. Dziwani kuti mu Disembala 2023, pamlandu wa Rayment, khoti lomwelo linagamula kuti kholo lachilendo limene likulera mwana amene ndi nzika ya South Africa lisathamangitsidwe kapena kuletsedwa ntchito chifukwa choti banja latha.

Mnzanu akakhala wa kutsidya

M'midzi yathu muli mabanja ambiri amene mmodzi ndi wa ku Mozambique, ena kuchokera nthawi ya nkhondo, ena obwera ndi othawa amene anafikira pa Kapise mu 2015 ndi 2016. Chilankhulo n'chimodzi, maliro timalira limodzi, ndiye za mapepala zimaiwalika. Koma mlendo wokwatira kapena kukwatiwa ndi Mmalawi sasanduka nzika pompo. Lembetsani ukwati kwa DC, iye akhale ndi pasipoti ya kwawo, kenako mukafunse a Immigration pachipata cha Mwanza kapena ku Blantyre za chilolezo chokhalira m'dziko muno. Musavutitse a mfumu kuti amuchitire umboni wabodza wa chitupa cha unzika. Ana anu ali ndi ufulu wa unzika wa Malawi kudzera mwa inu, ndipo alembetseni ku NRB akadali aang'ono.

 

Akakukanizani, kapena viza ikamatha

Kalata yokana ya Home Affairs imatchula chifukwa chake. Lamulo limakupatsani masiku 10 ogwira ntchito, kuyambira tsiku limene mwailandira, kuti muchite apilo. Ngati chifukwacho ndi pepala losowa kapena dzina losiyana, konzani chimenecho n'kuphatikiza umboni wake. Kalata yongodandaula siyisintha kanthu. Ngati akukayikira ukwati weniweniwo, funani loya wodziwa za malamulo olowera m'dziko, osati munthu wongodziwana naye pa Facebook. Viza ikatuluka, werengani maina, masiku ndi zimene yakulolani musanachoke pawindo, ndipo pempho loiwonjezera lilowe kutatsala masiku 60 kuti ithe.