Malangizo: Sankhani Njira Yolingana ndi Luso Lanu pa Njinga ya M'mapiri

Lero tikambirane za kupalasa njinga ya m'mapiri, ija ya matayala okhakhala ndi magiya ambiri.

Ngati mukungoyamba kumene, musathamangire phiri. Yambani ndi misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi ku Mulanje kapena ku Thyolo, koma mupemphe kaye chilolezo kwa eni minda. Kumeneko zitunda zambiri n'zofatsa, ndipo mudzaphunzira kusintha giya musanayambe kukwera, osati muli pakati pa chitunda miyendo italema kale.

Mukazolowera, kwerani phiri la Zomba. Pamwamba pake pali misewu ya m'nkhalango ya paini, yodzera ku damu la Mulunguzi, ina yokafika ku Chingwe's Hole. Apa ndiye ndikupempheni, mumvetsere bwino. Potsika, gwirani mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, thupi mulibweze kumbuyo kwa chishalo. Mukafinya lakutsogolo lokha mwadzidzidzi, mugwa chamutu. Pokhota chepetsani liwiro, chifukwa mutha kukumana ndi anthu osenza nkhuni kapena galimoto.

Inu akatswiri, Luwawa ku Viphya ndi Nyika zikukudikirani. Ku Nyika mumapalasa pamtunda wa mamita opitirira 2,000, kumazizira, ndipo mpweya umatha msanga. Ndi malonso a nyama zakutchire, choncho pitani ndi wokulondolerani wa pamalopo.

M'dzinja katondo amaterera ngati therere, ndiye funsani anthu a m'deralo za njira musananyamuke. Chipewa choteteza mutu, madzi akumwa, pampu ndi chubu chapadera zisatsale kunyumba.