Kulemera Sikusowa: Kumene Nkhuni, Feteleza ndi Chimanga Zimapita

Pali lamulo lina la sayansi limene limagwira ntchito mofanana m'khitchini, m'munda, m'khola ndi m'nkhokwe, ngakhale kuti mabanja ambiri sanamvepo dzina lake. Lamuloli limanena kuti zinthu zikasandulika n'kukhala zinthu zina, monga nkhuni zikapsa, chitsulo chikachita dzimbiri kapena ndowe zikawola, kulemera kwa zonse zimene zinalipo poyamba kumafanana ndi kulemera kwa zonse zimene zatsala ndi zimene zatuluka pamapeto, malinga ngati palibe chimene chaiwalika powerengetsera. Akatswiri amalitcha lamulo la kusungika kwa kulemera, ndipo mawu oti kulemera pano akutanthauza kuchuluka kwa chinthu kumene sikelo imaonetsa m'makilogalamu ndi m'magalamu. Gwero la lamuloli n'lakuti chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu, ndipo kupsa, dzimbiri kapena kuwola sikulenga atomu yatsopano kapena kufafaniza imene ilipo, koma kumangomasula maatomu pamene anagwirana n'kuwalumikiza mwa njira ina, monga mmene mmisiri amagumulira nyumba yakale n'kumanga khola ndi njerwa zomwezo.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti maso amaona zosiyana ndi lamuloli, pakuti mtolo wa nkhuni umene mayi anausenza movutikira kuchokera kuphiri umasiya phulusa losadzaza n'komwe mbale. Apa m'pamene pafunika kusiyanitsa malo otseguka ndi malo otsekeka. Malo otseguka ndi pamene zinthu, makamaka mpweya ndi nthunzi, zimatha kulowa kapena kutuluka, monga pamafuwa, pamulu wa manyowa wosavundikira kapena m'munda. Malo otsekeka ndi pamene kutentha kungathe kudutsa koma palibe chinthu cholemera chimene chingalowe kapena kutuluka, monga m'botolo lotsekedwa zolimba. M'malo otsekeka sikelo siisuntha ngakhale m'katimo zinthu zisandulike chotani, pamene m'malo otseguka sikelo imatsika ngati zina zauluka ndipo imakwera ngati zina zalowa kuchokera mumlengalenga. Mpweya uli ndi kulemera kwake ngakhale suoneka, ndipo amene waiwala mfundo imeneyi ndi amene amaganiza kuti chinthu chasowa.

Mmene lamuloli linadziwikira

Kwa zaka zambiri anthu ophunzira a ku Ulaya ankadabwa kuti zitsulo zina zikatenthedwa zimalemera kuposa kale, ndipo Robert Boyle ankaganiza kuti tizidutswa ta moto ndi timene timalowa m'chitsulomo. Mu 1756 Mikhail Lomonosov wa ku Russia anatentha zitsulo m'mabotolo agalasi omatidwa ndipo anapeza kuti kulemera sikusintha ngati mpweya wakunja sunalowe. Antoine Lavoisier wa ku France anachita zofanana ndi chitsulo cha tini mu 1774: anayeza botolo lomatidwa asanalitenthe ndiponso atalitentha, kulemera kunali kumodzimodzi, koma atalitsegula mpweya unathamangira m'kati ndipo sikelo inakwera, zimene zinaonetsa kuti chitsulocho chinali chitameza gawo lina la mpweya umene unali m'botolomo. Iye analemba lamuloli momveka bwino m'buku lake la 1789, limene zithunzi zake za zipangizo anajambula ndi mkazi wake, Marie-Anne Paulze. Khasu losiyidwa panja nyengo ya mvula limachita zomwezo pang'onopang'ono, pakuti magalamu 112 a chitsulo akagwirana ndi magalamu 48 a mpweya wa okosijeni amapanga magalamu 160 a dzimbiri. Khasulo limaoneka lopepuka pambuyo pake kokha chifukwa chakuti dzimbirilo limakanganuka n'kugwera pansi.

Moto wa pamafuwa ndi moto wa m'munda

Mumpweya umene anthu amapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni ndipo 21 ndi okosijeni, amene ndiye amayatsa moto. Pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni zouma ndi kaboni, chinthu chakuda chija chimene chimaoneka bwino m'makala. Kaboni wolemera makilogalamu 12 akapsa bwinobwino amagwirana ndi makilogalamu 32 a okosijeni n'kupanga makilogalamu 44 a mpweya wa kaboni dayokisaidi, kotero kuti zotuluka pamoto zimalemera kuposa nkhuni zimene zinasonkhedwa, kungoti zimakwera m'mwamba pamodzi ndi nthunzi ya madzi. Utsi wakuda ndi mwaye wa kudenga ndi kaboni amene sanapse, kutanthauza nkhuni zimene zatayika popanda kuphitsa nyemba, ndipo n'chifukwa chake nkhuni zouma ndi mbaula zadothi monga chitetezo mbaula, zimene zimasonkhanitsa moto pansi pa mphika ndi kulowetsa mpweya moyenera, zimapulumutsa mitengo. Wootcha makala amachita dala kumana nkhuni mpweya pozikwirira ndi dothi kuti kaboni atsale, komabe mu uvuni wamba makilogalamu 100 a mitengo nthawi zambiri sapereka makala opitirira makilogalamu 20, ndipo zina zonse zimathera muutsi.

Nkhani yomweyi imafika poipa ikafika pa kutentha mapesi posaka mbewa kapena pososa m'munda. Zinthu zolemera zimene sizitha kuuluka, monga potaziyamu, kashiamu ndi gawo lalikulu la fosifolasi, zimatsala m'phulusa, ndipo n'zoona kuti pamene panapsa mulu wa zinyalala mbewu zimabiriwira chaka chimenecho. Koma nayitirojeni, amene ndiye chakudya chimene chimanga chimasowa kwambiri m'minda yambiri ya ku Malawi, amauluka pafupifupi yense pamodzi ndi salufa wochuluka, ndipo kaboni amene akanasanduka chonde chosunga chinyontho m'nthaka amapita nawo. Maatomu amenewa sanawonongeke, koma achoka m'munda wa banjalo, ndipo banjalo lidzawagulanso ndi ndalama m'thumba la feteleza. Kuphimbira nthaka ndi mapesi, monga mmene ulimi wa mleranthaka umalimbikitsira, kapena kuwakwirira m'mizere akadali ndi chinyezi, kumachedwetsa kuthawa kumeneku.

Pafunika kunenanso kumene kulemera kwa mbewu kumachokera, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti chimanga chimadya dothi. Jan Baptist van Helmont, amene zolemba zake zinasindikizidwa mu 1648, anabzala kamtengo kolemera mapaundi 5 mumphika wa dothi louma lolemera mapaundi 200, n'kumangothirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengowo unafika pa mapaundi 169 koma dothi linachepa ndi kachigawo kakang'ono chabe ka paundi imodzi. Iye anaganiza kuti mtengo wonsewo unachokera m'madzi, ndipo apo analakwitsa pang'ono, pakuti lero n'zodziwika kuti masamba, mothandizidwa ndi dzuwa, amatenga makilogalamu 44 a kaboni dayokisaidi ndi 18 a madzi n'kupanga makilogalamu 30 a shuga ndi 32 a okosijeni. Zimene mbewu imatenga m'nthaka n'zochepa pa sikelo, koma popanda izo mbewu siikula, ndipo thumba lililonse la chimanga lopita kumsika limanyamula gawo la michere imeneyi osabwera nayonso. Nandolo, soya, mtedza ndi mitengo ya msangu zimabwezera nayitirojeni chifukwa tizilombo tokhala m'timatuza ta m'mizu yake timamukoka kuchokera mumpweya.

Feteleza ndi manyowa

Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, popeza fetelezayu ali ndi magawo 46 pa 100 a mchere umenewu. Yureya akamwazidwa pamwamba pa nthaka yonyowa pang'ono dzuwa likuswa mtengo, amasandulika n'kutulutsa mpweya wa amoniya, umene fungo lake loboola m'mphuno ndi lomwe limamveka m'khola la mbuzi m'mawa, ndipo fungo limenelo ndi nayitirojeni amene akuchoka. Mlimi amene amaboola kadzenje ndi kamtengo pambali pa phando, n'kuthiramo feteleza wobereketsa n'kukwirira, amakhala kuti watsekera amoniya m'dothi, mmene madzi amamusungunula kuti mizu imupeze. Ntchitoyi ndi yowawitsa msana ndipo imadya nthawi, koma pa mtengo umene feteleza wafika palibe banja limene lingakwanitse kudyetsa mphepo.

Manyowa nawonso amatsata lamulo lomweli. Mulu wa ndowe ndi zinyalala umaphwa pamene ukuwola chifukwa tizilombo towoletsa timapuma n'kutulutsa kaboni dayokisaidi ndi nthunzi, ndipo kuphwa kumeneku si vuto. Vuto ndi mulu wosiyidwa padzuwa ndi pamvula, umene umataya nayitirojeni m'mwamba ndi potaziyamu m'madzi akuda aja oyenderera pansi. Manyowa a chimato, amene amamatidwa ndi dothi, komanso a m'dzenje lovundikira, amasunga michere yambiri, ngakhale kuti kumata kopitirira muyeso kumamana mpweya tizilombo tija ndipo mulu umanunkha m'malo mopsa. Udzu wouma woyala m'khola umamwa mkodzo wa ziweto, umene uli ndi gawo lalikulu la nayitirojeni ndi potaziyamu amene chiweto chimatulutsa.

Pali mawu ena ofala amene ayenera kumvedwa mosamala, akuti kuchulukitsa feteleza. Popanga manyowa a Mbeya, alimi amasakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, madeya, phulusa ndi madzi n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu. Njirayi ili ndi phindu lenileni, chifukwa ndowe ndi madeya zimabweretsa michere yake ndi chonde, ndipo thumba lomangalo limachepetsa zouluka. Komabe makilogalamu 10 a yureya ali ndi makilogalamu 4.6 a nayitirojeni asanasakanizidwe, ndipo masabata atatu aja sangawonjezerepo atomu ngakhale imodzi imene siinalowe m'thumbamo. Thumba losakanizalo, ngakhale lilemere makilogalamu 50, silingafanane mphamvu ndi thumba la yureya weniweni, choncho mlingo wothira pa phando uyenera kukula. Ndiponso phulusa likakumana ndi yureya kapena ndowe zonyowa limafulumizitsa kutuluka kwa amoniya, kotero thumba likamasulidwa manyowawo asayanikidwe padzuwa, ndipo akwiriridwe msanga.

M'nkhokwe

Chimanga chimapepuka pa zifukwa ziwiri zimene siziyenera kusokonezedwa. Chokololedwa chili ndi chinyezi cha magawo 20 pa 100 chikauma n'kufika pa 13, amene ndiwo mlingo woyenera posunga, makilogalamu 100 amatsika n'kufika pafupifupi 92, koma chimene chachoka ndi madzi okha ndipo ufa wake sunachepe. Wogula chimanga chosauma bwino amalipira madzi pa mtengo wa chimanga. Kupepuka kobwera ndi anankafumbwe ndi nkhungu n'kwina, chifukwa tizilomboti timadya chakudya chenichenicho n'kuchisandutsa mpweya, madzi ndi fumbi. Matumba a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba loluka kunja, amasandutsa nkhokwe kukhala malo otsekeka: anankafumbwe amene analowa ndi chimanga amapuma okosijeni wochepa wa m'katimo mpaka kumuchepetsa kwambiri, kenako amaleka kudya ndi kuswana n'kufa, popanda mankhwala. Kabowo kamodzi ka khoswe kapena chizolowezi chomasula thumba kawirikawiri chimabwezeretsa mpweya ndipo ntchito yonse imapita pachabe. Chimanga chonyowa chisatsekeredwe m'matumbawa, chifukwa madzi amene alibe potulukira amakhala momwemo n'kuchiwononga.

Pamene kutseka kumapha

Kutseka sikuthandiza paliponse. Thobwa likamasasa, shuga wolemera magalamu 180 amatha kusanduka magalamu 92 a mowa ndi 88 a kaboni dayokisaidi, ndipo mumtsuko wovundikira ndi mbale mpweyawo umangotuluka, koma m'botolo lotsekedwa zolimba umapanikizana mpaka chitsekerero kuthovoka kapena botolo kuphulika, zimene zingavulaze maso a ana.

Choopsa koposa ndi mbaula ya makala m'nyumba yotsekedwa m'miyezi yozizira ya June ndi July. Kilogalamu imodzi ya makala kuti ipse bwino imafuna pafupifupi okosijeni yense wa mumpweya wodzaza kachipinda ka mamita 2 m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu. Zitseko ndi mawindo zikatsekedwa, okosijeni amachepa ndipo kaboni amayamba kupsa mwatheka, makilogalamu 12 n'kugwirana ndi 16 okha a okosijeni m'malo mwa 32, n'kupanga mpweya wakupha wa kaboni monokisaidi. Mpweyawu ulibe fungo kapena mtundu, umatuluka ngakhale makala ali psuu opanda utsi, ndipo popeza ulibe kothawira umalowa m'magazi a ogona n'kulanda malo a okosijeni. Makala opepuka amene atsala m'mbaula m'mawa amakhala kuti gawo lawo lina lathera m'mapapo a anthu. Mbaula izitulutsidwa panja banja lisanagone, ndipo pophika m'nyumba khomo kapena windo lizikhala lotsegula. Munthu amene wayamba kumva mutu, chizungulire, mseru kapena kufooka ali pafupi ndi mbaula atulutsidwe panja nthawi yomweyo pamodzi ndi onse a m'nyumbamo, ndipo amene wakomoka kapena wasokonezeka mutu athamangire naye kuchipatala ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka.