Laputopu ikaima pakati pokiya disiki, musathamangire kukaifomata

Laputopu yalemba kuti ili mkati mokiya disiki, nambala yafika pa 37 peresenti, ndipo kuchokera dzulo madzulo sinasunthe. M'katimo muli kaundula wa mamembala a kopaletivu pamodzi ndi manambala awo a NRC, kapena buku la ngongole za pa shopu, kapena ntchito ya mwana wa ku koleji. Ambiri zikafika apa amaipinda, kuiika m'chikwama, ulendo wa kumsika wa Lundazi kukauza wokonza mafoni kuti, "Achimwene, ingoifomatani iyambirenso." Mafayilo amafera pamenepo. Kuima kwa nambala pakokha nthawi zambiri sikuwononga kanthu, chimene chimawononga ndi phuma la mwini wake.

Pa Windows, pulogalamu yokiya disiki imatchedwa BitLocker, ndipo inabwera ndi Windows Vista mu 2007. Pa makompyuta a Apple dzina lake ndi FileVault. Ntchito yake ndi kusandutsa zonse zolembedwa pa disiki kuti zikhale zosawerengeka kwa munthu amene alibe kiyi. Wakuba akasolola laputopu m'basi ya ku Chipata, ngakhale atazula disikiyo n'kuilumikiza pa kompyuta ina, sapezamo dzina ngakhale limodzi. Kwa mlembi wa kopaletivu amene amasunga maina a alimi olandira feteleza wa FISP, chimenechi n'chofunika, pakuti lamulo la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti wosunga mbiri za anthu ena aziziteteza. Vuto n'lakuti anthu ambiri sanaiyatse okha BitLocker. Windows 11, makamaka kuyambira mtundu wa 24H2 umene unatuluka mu 2024, imayamba yokha kukiya disiki ikangoikidwa mwatsopano. Munthu amangodzidzimuka kuona kaloko pa chithunzi cha disiki C.

Kukiyaku kumayenda ngati kututa chimanga cha m'nkhokwe kulowetsa m'nyumba, dengu limodzilimodzi. Nambala ikakhala pa 37, ndiye kuti gawo lina lalowa, lina likadali panja, ndipo kompyuta imasunga chizindikiro cha pamene yafika. Microsoft imanena kuti kompyuta ikazima, ngakhale magetsi atathima mwadzidzidzi, ntchitoyo imapitirira pomwe inalekera mukaiyatsanso. Choncho mtima m'malo. Komabe musayambe kukonza chilichonse musanachite zinthu ziwiri, ndipo choyamba ndi kulemba kiyi.

Kiyi yopulumutsira ya BitLocker ndi manambala 48, ogawidwa m'magulu 8 a manambala 6. Dinani batani la Windows, lembani cmd, ndipo pa Command Prompt sankhani Run as administrator. Pa windo lakuda limene litseguke lembani manage-bde -protectors -get C: n'kudina Enter. Pansi pa mawu akuti Numerical Password mudzaona ID, kenako manambala 48 aja. Koperani zonse ziwiri ndi cholembera m'kope, muwerenge kawiri kutsimikiza kuti 1 simunamulembe ngati 7, ndipo kopelo likakhale kumene mumasunga masatifiketi a sukulu ndi makhadi a ana a kusikelo. Kujambula ndi foni n'kwabwino, koma foni imatayika pamsika, imagwera m'madzi, imagulitsidwa. Kusunga kiyi mu laputopu yomweyo n'kosathandiza, chifukwa tsiku limene mudzaifune ndi tsiku lomwelo limene laputopuyo idzakane kutseguka. Ngati munalowa mu Windows ndi akaunti ya Microsoft, kiyi ina imakhala kumeneko, ndipo mungaione pa foni polemba aka.ms/myrecoverykey. Yang'anani lero netiweki ikadalipo, mutsimikize kuti ID ya kumeneko ikufanana ndi ya pa laputopu.

Chachiwiri, koperani mafayilo ofunika pa fulashi kapena pa disiki yakunja. Malinga Windows ikutseguka, mafayilo amakopeka bwinobwino ngakhale kukiya kuli pakati. Yambani ndi zimene simungazipezenso: makalata, matebulo a Excel, zithunzi za pa ukwati ndi pa maliro. Mafilimu ndi nyimbo zidikire, anyamata a kumsika ali nazo. Dziwani kuti zimene zapita pa fulashi zimatuluka zosakiya, choncho fulashi ya maina a anthu isamayende m'thumba la thalauza.

Tsopano tione ngati ntchito yaimadi. Kamzere kamene kamaoneka pa sikirini kamanama, kamatha kukhala pamodzi maola angapo ntchito ikuyenda pansi. Pa windo lakuda lija lembani manage-bde -status C: ndipo muone mizere iwiri. Conversion Status ikuuzani ngati ndi Encryption in Progress, kutanthauza kuti ikuyenda, kapena Encryption Paused, kutanthauza kuti yapuma. Percentage Encrypted ikupatsani nambala yokhala ndi kadontho, monga 37.4. Ilembeni, musiye laputopu pa chaja osaigwira kwa ola lathunthu, muonenso. Ikafika 37.9, sinaime, ikungoyenda mwaulesi. Malaputopu ambiri ogula kale, a HP, Dell ndi Lenovo amene anachoka m'maofesi akunja, ali ndi disiki yozungulira ya 500 GB kapena 1 TB. Ngati amene anayatsa BitLocker anasankha kukiya disiki yonse m'malo mokiya pokhapo pali mafayilo, ntchitoyo ingatenge usiku wonse n'kupitirira. Pa SSD, disiki yosazungulira, imathamanga kwambiri. Ndipo mukamaonera filimu kapena kukopera zinthu nthawi yomweyo, Windows imatsogoza zanuzo, kukiya n'kutsalira m'mbuyo.

Nambala ikapanda kusuntha ngakhale pang'ono, woyamba kumukayikira kwathu kuno ndi magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, momwe magetsi ankabwerera usiku kwa maola ochepa n'kupitanso. Laputopu ya batire yakutha imazima nthawi yomweyo magetsi akathima, ndipo ya batire yabwino imangogona. Kompyuta yogona sikiya kanthu. Munthu amaisiya usiku wonse atatseka chivundikiro, m'mawa n'kudabwa kuti ikadali pa 37, osadziwa kuti inagona iye asanagone. Lowani mu Settings, kenako System, kenako Power, ndipo pa Sleep musankhe Never pamene ili pa chaja. Chivundikiro chikhale chotsegula. Ngati kunyumba magetsi ngosadalirika, pemphani malo kwa mnzanu amene ali ndi sola ndi inveta, kapena pa shopu yotchajitsa mafoni, koma mukhale pomwepo, kapena muikiye sikirini podina batani la Windows pamodzi ndi L.

Yang'ananinso chaja. Machaja otchipa a pamsika ena amayatsa kanyali koma mphamvu yake ndi yochepa. Malaputopu a Dell akakumana ndi chaja imene sakuidziwa amachenjeza poyaka, amakana kudzaza batire, ndiponso amachepetsa liwiro lawo. Ikani mausi pa chithunzi cha batire muone ngati ikudzazadi. Kutentha nakonso kumachedwetsa. M'mwezi wa Okutobala, laputopu yoikidwa pa matiresi kapena pa chitenje imatsekeka mabowo otulutsira mpweya, ndipo fumbi la m'misewu yathu limamaliza zotsalazo. Iikeni pa tebulo, kumbuyo kwake mutsamiritse pa kabuku kuti mphepo izidutsa pansi.

Magetsi ali bwino koma Conversion Status ikunena kuti Paused? Lembani manage-bde -resume C: basi. Ikamanena kuti in Progress koma osayenda, lembani manage-bde -pause C: mudikire mphindi imodzi, kenako manage-bde -resume C: kuti idzidzimuke. Zikakanika, zulani mafulashi onse, musankhe Restart mwadongosolo, osati kukanikiza batani lozimitsira mpaka ife, ndipo muonenso nambala.

Pali mtundu wina wa kuima umene ine ndimauopa kuposa yonse. Nambala imayenda bwino, n'kufika pamalo amodzi, n'kukakamira. Mukaiyambitsanso imakakamira pomwepo. Laputopu imazizira, mausi osayenda, mwina mukumva kaphokoso kogogoda m'kati. Nthawi zina Windows imalemba kuti disiki ili ndi zolakwika, muyendetse chkdsk. Apa BitLocker ilibe mlandu. Pokiya disiki yonse imawerenga ndi kulemba malo alionse, ngakhale amene sanakhudzidwe kwa zaka, ndiye yangopunthwa pa bala limene linalipo kale. Laputopu imene yayenda pa njinga yamoto m'misewu ya kumidzi, kapena inagwapo ili yoyaka, imakhala ndi mabala otere.

Zikatere, ndondomeko ndi yofunika kwambiri. Imitsani kukiya ndi -pause. Malizani kukopera mafayilo onse. Mukatero m'pamene mulembe chkdsk C: /scan kuti ingoyang'ana. Kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo, kamene okonza ambiri amakhala nako pa fulashi, kamawerenga thanzi la disiki n'kulemba Good, Caution kapena Bad. Ikakhala Good, lembani chkdsk C: /r, muvomere kuti iyang'ane poyakanso, ndipo muipatse maola ake pa magetsi odalirika, kope la kiyi lili pambali. Ikatha, pitirizani ndi -resume. Koma ikakhala Caution kapena Bad, musaivutitsenso. Ena amalangiza kulemba manage-bde -off C: kuti kukiya kubwerere m'mbuyo. Pa disiki yathanzi imeneyo ndi njira yabwino yoyambira pachiyambi, ndipo poyatsanso musankhe kukiya pokhapo pali mafayilo. Pa disiki yodwala ndi kuithamangitsa ulendo wachiwiri pamene woyamba yalephera, ndipo ingafere panjira. Gulani SSD, muikemo Windows, mubwezeretse mafayilo anu. Ngati pa boma la Lundazi pano palibe yokwanira, ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo kutuma munthu wodalirika n'kotchipa kusiyana ndi kulembanso kaundula wa alimi onse a kopaletivu.

Chinthu china chimaoneka ngati kuima pamene si kuima. Pa disiki C pamakhala kaloko kotseguka ndi kachizindikiro kachikasu, ndipo BitLocker imalemba kuti waiting for activation. Izi zimachitika Windows ikakiya disiki yokha koma mwini wake akugwiritsa ntchito akaunti wamba ya pa kompyuta pomwepo, yopanda imelo ya Microsoft. Nambala ingafike 100, koma chitetezo sichinayambe chifukwa kiyi ilibe kokasungidwa. Musankhe chimodzi: kulowa ndi akaunti yanuyanu ya Microsoft kuti imalize, kapena kuzimitsa Device encryption mu Settings. Kudikira sikusintha kanthu, mungadikire mpaka mvula.

Za Apple n'zachidule. Pa MacBook zakale, FileVault imapuma yokha mukazula chaja ndipo imalemba kuti muilumikize. Mu Terminal, kulemba fdesetup status kumaonetsa pamene yafika. Kiyi yake ndi zilembo ndi manambala 24, nayonso ilembedwe m'kope. MacBook zatsopano zimakhala zokiya kale kuchokera kufakitale, ndiye vutoli silipezekapezeka.

Nanga laputopu ikayaka n'kuonetsa sikirini yabuluu yofuna recovery key? Izi zimabwera BIOS ikasinthidwa, wokonza akasintha bodi, kapena disiki ikasamutsidwira mu kompyuta ina, chifukwa kachipangizo kotchedwa TPM kamene kamasunga kiyi kamaona ngati kwabwera mlendo. Mu Julayi 2024, update ina ya Windows inachititsa zomwezi pa makompyuta ena m'maiko osiyanasiyana. Amene ali ndi kope lake amafananitsa zilembo zoyambirira za ID, amalowetsa manambala 48, ntchito n'kupitirira. Amene alibe, afufuze m'maakaunti onse a Microsoft amene analowapo pa laputopuyo: yake, ya mwana, ya mphwake amene anaiseta. Ngati ndi ya kuntchito kapena ya bungwe, kiyi ili ndi a IT a kumeneko. Ikasowa konseko, ngakhale a Microsoft eni ake sangaipangenso. Wokonza woona mtima adzakuuzani kuti laputopu ipulumuka koma mafayilo apita. Amene akulonjeza kuthyola BitLocker ndi pulogalamu ya pa fulashi akungofuna makwacha anu.

Mukapita nayo kumsika, lankhulani momveka musanaisiye: "Achimwene, disiki iyi ili pakati pokiya. Musaifomate, musasinthe za mu BIOS, ndipo musaizule ndisanabwere." Kiyi musamusiyire, mudzalowetse nokha ikafunika. Okonza ambiri ndi aluso ndithu, koma anazolowera kuti kompyuta yovuta mankhwala ake ndi Windows yatsopano, ndipo m'mbuyomu ankatha kuzula disiki n'kukupulumutsirani mafayilo pa kompyuta ina. Pa disiki yokiya njira imeneyo siigwira popanda manambala aja.

Pogula laputopu yogwiritsidwapo kale, kaya pamsika pano, kaya kwa amalonda ochokera ku Lusaka kapena odutsa pa Lusuntha, iyatseni ndalama zikadali m'thumba. Lembani manage-bde -status, ndipo mu Settings muone dzina la akaunti imene yalowa. Ogulitsa ena amaika Windows pogwiritsa ntchito imelo yawo, ndiye kiyi ya disiki yanu imakakhala mu akaunti ya munthu amene mawa adzakhala ali ku Chama kapena ku Mzimba. Mukapeza zotero, pemphani kuti aikemo Windows mwatsopano inu muli pomwepo, mulowe ndi akaunti yanu, ndipo manambala 48 muwalembe musanachoke pa kauntala.